Levulo Ikakana Kutseka: Poyambira Kufufuza Pasayiti

Vuto limene limabwerabwera kwa amene akuphunzira kuyeza pasayiti ya zomangamanga pogwiritsa ntchito levulo (makina oyezera kukwera ndi kutsika kwa malo) ndi ili: mwanyamuka pa benchimaki (chizindikiro chokhazikika chimene kukwera kwake kumadziwika kale) m'mawa, mwazungulira zikhomo zonse za nyumba, koma pobwerera pa benchimaki yomweyo manambala akusiyana ndi mamilimita 30 kapena 40. Uku ndiko kukana kutseka. Penanso mwakhoma mapulofailo (matabwa omangirirapo zingwe zosonyeza makoma) dzulo, lero mabilidala akamakoka chingwe akupeza kuti ngodya imodzi yakwera. Mawu oyamba kutuluka amakhala akuti makina afa. Nthawi zambiri makinawo amakhala alibe mlandu. Kufufuza kuziyambira pansi pamene miyendo ya makina yaponda, kubwere kwa wogwira sitafu (ndodo ya manambala imene imawerengedwa), kenako kwa wowerenga ndi buku lake, makinawo pambuyo. Mukatero simutaya ndalama kutumiza levulo yabwinobwino ku Blantyre kuti akaikonze, komanso simupitiriza kugwira ntchito ndi levulo yodwaladi.

Dziwani kaye kuti kusiyana pang'ono n'kololedwa. Pantchito wamba ya nyumba, muyeso umene ambiri amatsata umadalira kuti makina mwawaimika kangati: mukawaimika kanayi, kusiyana kusapitirire mamilimita 10, mukawaimika ka 9, kusapitirire mamilimita 15. Ngati mapepala a injiniya atchula muyeso wina, tsatirani umenewo. Kusiyana kukaposa apa musakugawegawe pa zikhomo kuti buku lioneke bwino. Bwerezani ntchitoyo.

Nthaka ndi nyengo ya kuno

Masayiti ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi boma kupita ku Koche, Nkope mpaka Monkey Bay, komanso kutsidya ku Malindi, ali pamchenga. Miyendo ya makina imatitimira pang'onopang'ono mumchenga wouma, makamaka wowerenga akamazungulira pafupi nayo. Kathovu kosonyeza ngati makina aima bwino kamatha kuoneka kali pakatibe, ndipo levulo ya otomatiki imadziwongola yokha mkati, koma makina onse atsika. Ndiye backsight (nambala yoyamba mukangoimika makina) mwaiwerenga makina ali pamwamba, foresight (yomaliza musanawasamutse) mwaiwerenga atatsika ndi mamilimita 3 kapena 5. Zikachitika chonchi paliponse pamene mwaimika, kusiyanako kumangounjikana mbali imodzi.

Palasani mchenga wapamwamba mpaka mufike ponyowa kapena polimba, pondani chitsulo cha mwendo uliwonse ndi thupi lonse, ndipo mangani zomangira zonse zitatu musanakweze makina. Pamene mchenga uli wakuya, khomani zikhomo zitatu zikuluzikulu, miyendo iponde pa izo. Musananyamule makina, tembenukani muwerengenso backsight. Ikasintha ndi mamilimita oposa 2, zonse zimene mwawerenga pamalo amenewo n'zokayikitsa.

Sitafu nayo imatitimira. Pamalo osinthira, pamene sitafu imadikira kuti makina asamuke, musaiike pamchenga kapena pa dothi lofewa. Iikeni pamutu pa chikhomo, pamwala wokhazikika, kapena pa kachitsulo kamene mwakapondera pansi. Wogwirayo angoitembenuza pomwepo, asainyamule n'kuibwezera poganiza kuti waika pamalo omwewo.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumabweretsa vuto lina. Pofika 11 koloko mpweya wa pamwamba pa mchenga umakhala ukuwira, ndipo mukasuzumira mumaona manambala akuvina. Mzere woyang'anira umapindika kwambiri ukadutsa pafupi ndi nthaka yotentha, choncho pewani kuwerenga sitafu pansi pa mamita 0.5, ndipo fupikitsani mtunda ukhale mamita 30 kapena kucheperapo. Ntchito yofunika kusamala, monga kusamutsa benchimaki kapena kupereka levulo ya silabu, ichitike pakati pa 6 ndi 10 koloko m'mawa, kapena dzuwa likapendeka. Ambulera yophimba makina si manyado. Dzuwa likamawomba mwendo umodzi wokha, mwendowo umafutukuka kuposa inzake ndipo makina amapendama.

M'miyezi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, mzere wamkati umanjenjemera chifukwa cha mphepo. Fupikitsani miyendo, itambasuleni kwambiri, ndipo imani mbali imene mphepo ikuchokera, koma osagwira makinawo.

Wogwira sitafu

Munthu uyu nthawi zambiri amangotoledwa pagulu la aganyu osauzidwa kanthu, chonsecho theka la kulondola kwa ntchito lili m'manja mwake. Sitafu ikapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, wowerenga sangaone, ndipo nambala imene amapeza imakhala yaikulu kuposa yeniyeni. Pa mamita 3, kupendekera kwa madigiri 5 okha kumawonjezera mamilimita 11. Ngati sitafu ili ndi kathovu kake, muphunzitseni kukayang'ana. Ngati ilibe, aziiweyula pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, inu mutenge nambala yaing'ono kwambiri imene mwaona, chifukwa apo m'pamene yaima chilili.

Onaninso sitafu yeniyeniyo. Zigawo zake zimatseka ndi kabatani kumbuyo. Mchenga ukalowa, kabatani sikatuluka bwino, chigawo chapamwamba chimatsetsereka pang'ono, ndipo nambala iliyonse ya pamwamba pa mfundoyo imalakwika pamene za m'munsi zili bwino. Ichi n'chifukwa chake levulo imatha kutseka pamalo athyathyathya koma n'kukana pamalo otsetsereka. Tengani tepi yachitsulo muyeze kudutsa pamfundo iliyonse. Pansi pa sitafu pasakhale matope kapena konkire youma.

Diso la wowerenga ndi buku

Musanayang'ane sitafu, lozetsani makina kumwamba kapena pa pepala loyera, muzungulize kagalasi ka kudiso mpaka mizere yamkati ide bii. Kenako lozetsani pa sitafu muwongole chithunzi ndi kagudumu kam'mbali. Sunthani mutu m'mwamba ndi pansi pang'ono: mzere ukamayenda pa manambala, simunawongole bwino, ndipo nambala izisintha malinga ndi pamene diso lili. Anthu awiri akamasinthana makina, aliyense ayambirenso kuwongola, chifukwa maso sangafanane.

Mkati muli mizere itatu yopingasa. Wowerengera levulo ndi wapakati, wautali. Iwiri yaifupiyo ndi yoyezera mtunda: nambala yapamwamba kuchotsera yapansi, kuchulukitsa ka 100. Ophunzira ambiri amawerenga mzere waufupi osazindikira. Pamtunda wa mamita 30, kulakwitsa kumeneku ndi mamilimita 150 ndendende. Mukaona kusiyana kwakukulu kofika apa, ganizirani zimenezi musanaganizire china. Mizere yomweyi ikhoza kukuthandizani: lembani yonse itatu, phatikizani yapamwamba ndi yapansi, gawani pawiri. Yankho lifanane ndi yapakati, kusiyana kusapitirire mamilimita 2.

Pa sitafu ya zilembo za E, kabokosi kalikonse ndi mamilimita 10 ndipo E yonse ndi mamilimita 50. Nambala yomaliza mumachita kuyerekeza ndi diso. Lembani manambala atatu pambuyo pa kadontho nthawi zonse: 1.050 yalembedwa kambirimbiri ngati 1.500 kapena 1.005 chifukwa chofulumira. Werengani, lembani, suzumiraninso.

M'buku, masamu ake ndi awa. Benchimaki ili pa 100.000, backsight ndi 1.352, ndiye kuti mzere wa makina uli pa 101.352. Ngati pansi pa fawundeshoni pakuyenera kukhala pa 99.400, sitafu ikaima m'ngalandemo iwerenge 1.952. Ikawerenga 1.900 ndiye kuti sanafike, akumbenso mamilimita 52. Ikawerenga 2.000 apitirira. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: nambala ikakula, nthaka yatsika. Pomaliza tsamba lililonse, phatikizani ma backsight onse, chotseranipo ma foresight onse, yankho lifanane ndi levulo yomaliza kuchotsera yoyamba. Zikapanda kufanana, vuto lili m'masamu, osati panja.

Tsopano makinawo

Zonsezi zikakhala bwino koma levulo ikukanabe, yesani makina ndi zikhomo ziwiri. Zimatenga mphindi 15. Yambani ndi kathovu: kaikeni pakati, tembenuzani makina ayang'ane kumbuyo. Kakatuluka m'kamzere kozungulira, kathovuko kakufunika kukonza. Kenako, mukusuzumira, gogodani mwendo pang'ono ndi chala, kapena dinani kabatani ngati makina anu ali nako. Mzere ugwedezeke n'kubwerera pa nambala yomweyo. Ukapanda kugwedezeka, kachipangizo kodziwongolera kamkati kamatirira, ndipo makina amenewo asagwire ntchito mpaka ataonedwa ndi wodziwa.

Khomani zikhomo A ndi B pamalo athyathyathya, zitalikirane mamita 50. Imikani makina pakati penipeni, mamita 25 mbali iliyonse. Tinene kuti pa A mwawerenga 1.425, pa B 1.610. Kusiyana ndi 0.185, ndipo uku ndi kusiyana kwenikweni ngakhale makina atakhala opotoka, chifukwa pamitunda yofanana kulakwa kwa mbali ziwirizi kumafafanizana. Samutsani makina muwaimike mamita 3 kumbuyo kwa A, pamzere womwewo. Pa A mwawerenga 1.530. Ndiye pa B mukuyenera kupeza 1.715. Mukapeza 1.727, makina akuyang'ana m'mwamba ndi mamilimita 12 pa mamita 50. Kusiyana kwa mamilimita 2 kapena 3 kulibe vuto, koma 12 ndi matenda.

Pamakina ambiri, kukonza kwake n'kuchotsa kachivundikiro ka kudiso n'kusuntha mzere wapakati ndi kakiyi kamene kamabwera m'bokosi, mpaka uwerenge nambala yoyenera, kenako kubwereza kuyesa konse. Ngati makinawo ndi obwereka kapena simunachitepo, musawatsegule. Mukhoza kumaliza ntchito ya tsikulo bwinobwino poonetsetsa kuti mtunda wa backsight ndi wa foresight ukufanana paliponse. Kuwerenga mapazi n'kokwanira. Chimene simungachite ndi makina otere n'kuima pangodya imodzi ya sayiti n'kumapereka levulo ku chikhomo cha mamita 8 ndi china cha mamita 60.

Yesani motere sabata iliyonse, komanso nthawi iliyonse makina akayenda ulendo. Bokosi limene lagubuduzika kumbuyo kwa pikapu pamsewu wa ku Makanjira, kapena lamangidwa ndi mphira pa kabaza wa njinga yamoto, musalikhulupirire musanaliyese. Paulendo likhale pampando kapena pamiyendo. Makina akanyowa ndi mvula, apukuteni ndi kuwasiya aume bokosi lili chitsegulire, apo ayi magalasi amachita nkhungu mkati.

Benchimaki yoyenda

Pali nthawi imene levulo imatseka bwino lero, yatsekanso bwino mwezi watha, koma ziwirizi sizikugwirizana. Apo chasuntha ndi benchimaki. Pamakande, monga a m'madambo ndi kufupi ndi nyanja ya Malombe, dothi limafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo chikhomo chachifupi chimakwera ndi kutsika nalo. Chikhomo chamtengo chimadyedwa ndi chiswe, kupondedwa ndi lole ya mchenga, kapena kuzulidwa n'kubwezeretsedwa ndi munthu wofuna kubisa kuti anachigunda ndi wilibala.

Sayiti iliyonse ikhale ndi mabenchimaki osachepera awiri, atatu ndiye bwino, kunja kwa malo okumba ndi njira ya magalimoto. Chitsulo cha Y12 kapena Y16 chotalika mita imodzi, chokhomedwa pansi n'kuzingidwa ndi konkire, chimakhalitsa. Thanthwe kapena khonde la nyumba yakale yokhazikika ndi zabwinonso. Lembani levulo yake ndi penti pambali. M'mawa uliwonse werengani awiri musanayambe: akasemphana, wachitatu ndiye angakuuzeni amene wayenda.

Madzi a m'nyanja si benchimaki. Amakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuno. Mukamamanga kugombe, levulo ya silabu muziitenga poona pamene madzi anafikapo kale, osati pamene ali lero.

Nyumba yokana sikweya

Njira ya 3, 4, 5 yopezera ngodya ya sikweya (mbali imodzi 3, inayo 4, yodutsa pakati 5) ndi yodziwika, koma ambiri amaiyeza yaing'ono kwambiri, mamita 0.3 ndi 0.4, kenako n'kukoka chingwe mamita 20. Kulakwa kwa milimita imodzi pamenepo kumakula kambirimbiri kumapeto. Ikulitseni momwe malo angalolere: 6, 8, 10 kapena 9, 12, 15. Nyumba ya mamita 12 kwa 9, kuchoka pangodya kupita pangodya yopingasana nayo ndi mamita 15.000. Mizere iwiri yopingasayi ikasiyana ndi mamilimita 40, khoma limodzi lalitali lasuntha ndi mamilimita pafupifupi 25. Sunthani misomali yonse iwiri ya khomalo mofanana, muyezenso. Koma kufanana kwa mizere yopingasa pakokha si umboni. Nyumba yopapatiza kutsogolo n'kutambasuka kumbuyo mofanana mbali zonse imapereka mizere yopingasa yofanana. Yezani mbali zonse zinayi kaye.

Tepi nayo ili ndi zake. Yansalu kapena yapulasitiki imatamuka ikakokedwa, choncho poika ngodya gwiritsani yachitsulo. Yachitsulo imakhala yolondola pa madigiri 20, ndipo tepi ya mamita 30 imene yagona pamchenga n'kutentha kufika madigiri 40 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 7. Pa nyumba yogona izi sizipweteka kwenikweni, koma pa mabawuti a nyumba yazitsulo zimakanitsa mizati kulowa. Onani pamene ziro ya tepi yanu ili, chifukwa ina imayambira kunsonga ya mphete, ina mkati. Ngati mnzanu wagwira pa mita imodzi kuti apewe mphete yopindika, anene mokweza, inu muyankhe, kuti musaiwale kuchotsera.

Kumtunda, cha ku Chowe ndi Namwera, vuto ndi kutsetsereka. Miyeso ya papulani ndi ya pathyathyathya, siitsata kutsetsereka. Mukagoneka tepi pa nthaka yotsika mita imodzi pa mamita 20, mwafupikitsa nyumba ndi mamilimita 25. Matabwa onse a mapulofailo akhale pa levulo imodzi, muziyeza pa zingwe, ndipo pansi muzitsitsa ndi chingwe cha mwala wolendewera. Mapulofailo akhale mamita 1.5 kapena 2 kuchoka pangalande kuti dothi lokumbidwa lisawakankhe.

Total station

Pa total station, makina oyeza ngodya ndi mtunda polozetsa pa kagalasi kotchedwa prism, makinawo amawerenga okha, choncho kulakwa kumabisala m'zimene mwawauza. Mtunda uliwonse ukamalakwika ndi mamilimita 30, kaya waufupi kaya wautali, onani prism constant, nambala imene makina amawonjezera pa mtunda malinga ndi mtundu wa prism: ma prism ena ndi 0, ena ndi -30, ndipo amene anagwira makina dzulo mwina anasintha. Yesani pa mamita 10 oyezedwa ndi tepi yachitsulo. Mfundo zikamaphonya chammbali, ndipo kuphonyako kukukula mukamatalikira, vuto ndi backsight, imene pano ndi chikhomo chodziwika cholozetsapo makina poyamba. Kulakwitsa mamilimita 5 pa backsight ya mamita 20 kumasanduka mamilimita 25 pa mfundo ya mamita 100. Backsight izikhala yotalika kuposa mfundo iliyonse imene mukuika, ndipo mukatha kulozetsa yesani pa chikhomo chachitatu chodziwika musanakhome kalikonse. Ndodo ya prism ya mamita 2 ikapendama theka la digiri, nsonga yasuntha mamilimita 17, ndiye poika mizati itsitseni kapena gwiritsani prism yaing'ono. Levulo zonse zikalakwika mofanana, yezaninso kutalika kwa makina ndi kwa ndodo.

Kutentha ndi mphamvu ya mpweya muzilowetsa m'makina, koma musazinamizire zolakwa zazikulu. Kuno kuboma, pamamita pafupifupi 480 pamwamba pa nyanja yamchere, tsiku lotentha madigiri 35, kusalowetsa kumalakwitsa mamilimita atatu okha pa mamita 100.

Zazikulu zili m'ma coordinate. Awa ndi manambala osonyeza pamene malo ali pamapu. Kuboma, pa dongosolo la mapu lotchedwa UTM, Easting (E, ya kum'mawa) imakhala ya manambala 6 oyamba ndi 7, Northing (N, ya kumpoto) ya manambala 7 oyamba ndi 8. Makina ena amafunsa N poyamba, ena E, choncho onani musanalembe. Mapu ndi zikhomo zakale za boma zili pa maziko a miyeso otchedwa Arc 1950, pamene GPS ya m'manja ndi ya pafoni zimapereka WGS 84. Ziwirizi zimasiyana ndi mamita mazana awiri kapena atatu, kokwanira kukuikirani nyumba pa puloti ya mwini. Funsani amene anajambula pulani kuti anagwiritsa ntchito iti. Zikhomo za malire a puloti si zoti musunthe inu, imeneyo ndi ntchito ya saveya wovomerezeka.

Chomwe chimavutitsa ngakhale odziwa ntchito ndi scale factor, nambala yochulukitsira mtunda wa panthaka kuti ufanane ndi wa pamapu. Ambiri analoweza 0.9996 ngati kuti ndi ya paliponse, koma nambala imeneyi ndi ya pamzere wapakati wa zoni 36 ya UTM, pa madigiri 33 kum'mawa. Mangochi boma ili mtunda wa makilomita pafupifupi 245 kum'mawa kwa mzerewo, ndipo pano scale factor ili pafupi ndi 1.0003. Mukagwiritsa ma coordinate a UTM makina ali pa 1.0000, mupeza kusiyana kwa pafupifupi masentimita atatu pa mamita 100 pakati pa makina ndi tepi. Mukalowetsa 0.9996, kusiyanako kumafika masentimita 7. Pa msewu kapena mapaipi a madzi otalika makilomita, werengetsani scale factor ya malo enieniwo, chifukwa ya ku Monkey Bay si yofanana ndi ya ku Namwera. Pa nyumba, sukulu kapena nyumba yosungiramo katundu, tengani chikhomo chimodzi ndi mbali imodzi yolozera kuchokera pa UTM, makina muwaike pa 1.0000, ndipo mfundo zina zonse muziwerengetsere kuchokera pa miyeso ya papulani. Mukatha kukhoma, dutsani ndi tepi yachitsulo pakati pa mizati iwiri iliyonse yoyandikana, mulembe zimene mwapeza m'buku pamodzi ndi tsiku, ndipo foromani asayine asanaitanitse konkire.